Ndiwe wa kwa Yani?

Ukatsika minibasi pa Mitundu n'kulowera njira ya kumudzi kwathu, sungayende mtunda wautali usanaimitsidwe ndi mayi wachikulire. Akakupatsa moni sakufunsa dzina. Funso lake limakhala lakuti, "Kodi inu ndinu a kwa yani?" Ukatchula dzina la pachiphaso amangokuyang'ana ngati sunayankhe kanthu. Koma ukatchula amayi ako, agogo ako aakazi ndi atsibweni ako, nkhope yake imamasuka, ndipo amayamba kukuuza mbiri yako yomwe iwe mwini sukuidziwa.

Kuno ku koleji funso ndi lina. Tsiku lotilandira, kumapemphero a ophunzira ngakhalenso pamisonkhano ya alendo odzatilimbikitsa, timafunsidwa kuti, "Ndiwe ndani, ndipo cholinga cha moyo wako n'chiyani?" Funsoli limamveka lophunzira, pamene la amayi a m'njira aja limamveka lachimidzi. Ine ndikufuna kunena kuti funso lachimidzilo tidafulumira kulinyoza, ndipo kuti ineyo ndidayamba kudzidziwa pamene ndidasiya kudzifufuza.

Bambo anga ndi a ku Nathenje. Adabwera ku Mitundu kudzakhala chikamwini, monga mwa mwambo wathu Achewa. Ukwati udatha ndili Sitandade 4, ndipo bambo adabwerera kwawo ndi njinga, khasu ndi wailesi. Ana tidatsala, pakuti ana ndi a kuchikazi. Chimene bambo adatisiyira ndi dzina lawo, lomwe lidalembedwa m'kaundula wa sukulu ndipo lili pa ziphaso zanga zonse. Motero ku Mitundu, komwe ndili ndi munda komanso manda, ndimayenda ndi dzina la mlendo. Ku Nathenje, komwe dzina langa aliyense amalidziwa, ndilibe ngakhale mzere umodzi wa chimanga. Azakhali amandilandira bwino, amandiphera nkhuku, koma nkhuku amaphera mlendo.

Kusiyana sikudathere pamenepo. Kuchimayi ndi anthu a mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, ndipo gule akamadutsa tinkalowetsedwa m'nyumba. Kuchibambo ng'oma ikalira kubwalo mudzi wonse umakhamukira komweko, azakhali ali patsogolo kuimbira. Ku Mitundu ndinkamva kuti abale a bambo anga ndi akunja. Ku Nathenje ndinkamva kuti abale a mayi anga ndi odzimva. Mwana wa zaka khumi amaphunzira msanga kukhala chete kuwiri konse.

Sukulu idawonjezera munthu wachitatu. Kwathu ulemu timaupereka ndi "o". Timati ogogo, otsibweni, omfumu obwera. Tsiku langa loyamba kusekondale ndidanena kuti "ophunzitsi okuitana," ndipo kalasi lonse lidafa nalo phwete. Pasanathe mwezi "o" uja ndidamukwirira. Panalinso kakhadi kamene ankapatsa wogwidwa akulankhula Chichewa, ndipo wogona nako ankatchetcha udzu mawa lake. Pofika Fomu 4 ndinali nditaphunzira kuti munthu wanzeru ndi amene wachoka kutali ndi kalankhulidwe ka amayi ake.

Ndinkafuna zamalamulo. Mapointi sadalole, ndipo ndidapezeka ndikuphunzira zilankhulo ndi zolembalemba. Atsibweni, omwe adagulitsa fodya wawo ku Kanengo kuti ndipeze chikwama ndi zofunda, atamva zimene ndikukaphunzira adandifunsa akuseka: "Iwe Nabanda, Chichewa chomwechi, cholankhula ine wosapita kusukulu, mpaka kukachilipirira ndalama?" Kwa zaka ziwiri ndidalibe yankho, ndipo funsolo linkandiwawa chifukwa nanenso ndinkadzifunsa lomwelo.

Ndiye ndidayamba kudzifufuza, monga amatilangizira. Ndidawerenga timabuku ta alangizi a ku America togulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ndidayankha mafunso a pa intaneti oti akuuze kuti ndiwe munthu wa mtundu wanji. Pa tchuthi china ndidakwera phiri la Bunda ndi anzanga kukasala kudya, pomwe agogo amati kale makolo ankapemphapo mvula. Ndidalemba cholinga cha moyo wanga papepala n'kulimata pakhoma, ndipo teremu iliyonse ndinkalisintha: mtolankhani, mwini kampani, wogwira ntchito kubungwe la kunja. Sindikunyoza pemphero kapena kuwerenga. Chimene ndikutsutsa ndi ganizo limene lili pansi pa malangizo onsewa, lakuti umunthu wako uli ngati ndalama yotayika m'nyumba, yomwe ukatseka chitseko n'kusesa bwinobwino uipeza. Ine ndidasesa zaka ziwiri. Ndinkangopezamo zofuna za anthu amene ndinkawasirira pa Facebook sabata imeneyo.

Zinthu zidasintha pa tchuthi cha mu 2024, ndipo sizidasinthire paphiri. M'mawa wina kudabwera galimoto itanyamula simenti, anyamata n'kuyamba kukumba maenje a mabikoni m'munda wathu wa kudambo, umene agogo adaulandira kwa amayi awo. Mwini galimotoyo, bambo wa mumzinda, adatulutsa pepala lokhala ndi chidindo cha chala cha atsibweni. Nkhani yake inali yotere. Kumapeto kwa 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza adakwera mtengo, agogo nawo ali chigonere. Mnyamata wina wodziwa Chingerezi adabweretsa bamboyo kwa atsibweni, nawauza kuti pepalalo ndi la lendi ya zaka zitatu. Atsibweni adalandira ndalama, nadinda. Pofika tsiku la mabikoni mnyamata uja anali atapita ku Joni.

Nkhani idapita kubwalo. Amfumu atafunsa amene angawerenge pepalalo, amayi adandigunyuza ndi chigongono. Ndidachoka pamphasa ya azimayi, n'kukagwada pafupi ndi mpando wa amfumu. Kuwerenga kunali kosavuta. Chovuta chinali kumasulira, ndipo apa ndikupempha anzanga a m'kalasi la matanthauzo a mawu kuti amvetsere.

Kwathu munda umachoka m'manja mwa munthu m'njira zosachepera zinayi. Pali kubwereketsa, komwe mnzako amalima chabe popanda malipiro, mwina n'kudzakuthokoza ndi dengu la mtedza. Pali lendi, yolipira pachaka. Pali kupinyolitsa, komwe munda umakhala chikole mpaka ngongole itabwezedwa. Ndiye pali kugulitsa, mawu amene akuluakulu amawatchula motsitsa ngati akutchula matenda. Pepala lija linkanena za kugulitsa, kwamuyaya. Zimenezo ndidazinena, anthu nang'ung'udza. Koma pamene padagona nkhani panali pa mawu ena. Pepalalo linkatchula atsibweni kuti ndi "owner" wa mundawo. Ine, mosaganiza, ndidati "mwini." Bwalo lonse lidagwedeza mitu kuvomereza, ngakhale agogo amene. Ndidadabwa. Akuvomereza bwanji chinthu chimene chikuwalanda munda?

Kenaka ndidazindikira. Atsibweni ndi mwinidi, pakuti ndi mwinimbumba. Koma mwinimbumba sagulitsa mbumba. Mwinimudzi sagulitsa mudzi, ndipo mwini maliro si munthu amene maliro ndi katundu wake. M'mawu amenewa "mwini" ndi wosunga, woyankha mlandu, amene zinthu zikavuta timathamangira kwa iye. Anthu ankamva kuti pepala likulemekeza udindo wa atsibweni, pamene pepalalo linkanena zina. Ndidapempha amfumu kuti ndibwereze. Ndidati, "Zikomo omfumu, pepalali likunena kuti mundawu ndi wa otsibweni okha, monga momwe njinga yawo ilili yawo, yoti angagulitse osafunsa munthu." Pamenepo bwalo lidaphulika. Agogo, amene anali asanalankhule, adafunsa kuti kodi mwana wawoyo mundawo adaugula kusitolo iti.

Ndidazindikiranso pambuyo pake kuti "o" amene ndidamukwirira ndili Fomu 1 adadzuka yekha pabwalopo, osandipempha.

Pali mbali ina ya tsikulo imene sindiikonda, koma ndiinena. Kumapeto kwa pepalalo kunali mzere wonena kuti wogulitsa wawerengeredwa zonse ndipo wazimvetsa. Palibe wina kumbali yathu akanadziwa ndikanaudumpha. Ndidaona amayi, ndidaona atsibweni atazolika, ndipo ndidauwerenga. Bambo wa mumzinda uja sanali wakuba. Naye adanamizidwa ndi mnyamata yemweyo, ndipo ndalama zake zinali zitadyedwa. Bwalo litakumana kachiwiri, chigamulo chinali chakuti munda wa mbumba sungapite popanda mbumba kudziwa, koma banja lathu libweze ndalama zonse pamodzi ndi za simenti. Tidagulitsa mtedza wonse ndi mbuzi ziwiri, ndipo ndalama zimene amayi adandisungira za nyumba zidapita komweko. Teremu yotsatira ndidagona pansi m'chipinda cha mnzanga. Amayi adandifunsa kuti mzere uja ndidauwerengeranji. Atsibweni adatha miyezi iwiri osandilankhula.

Komabe kuchokera tsiku limenelo pepala la pakhoma lija sindidalilembenso. Si kuti ndidamva mawu ochokera kumwamba ayi. Ndidangoona malo amene ndidaima: pakati pa pepala ndi anthu amene pepalalo limawalamulira koma sangathe kuliwerenga. Zonse zimene ndinkaziona ngati chilema changa, kukhala wa midzi iwiri, wa malankhulidwe awiri, wozolowera kumvetsera mbali zonse ndili chete, ndi zomwe zidagwira ntchito pabwalo paja. Loya wa mumzinda akanadziwa "owner" koma osadziwa mwinimbumba. Amfumu ankadziwa mwinimbumba koma osadziwa "owner." Panafunika munthu wa pakati, ndipo munthu wa pakatiyo ndi amene ndinkachita naye manyazi moyo wanga wonse.

Malo amenewa si a banja lathu lokha. Ndime 26 ya malamulo oyendetsera dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Koma malamulo omwewo, pa ndime 51, amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Milandu m'makhoti imalembedwa m'Chingerezi, wamba n'kumadalira womasulira. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chophunzitsira m'sukulu, kusiyana ndi chikalata cha unduna cha 1996 chimene chidalola ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi zaulimi. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe likukhudza munda uliwonse wa ku Mitundu ndi ku Nathenje, lidalembedwa m'chilankhulo chimene eni minda ambiri sachimva. Mzinda wa Lilongwe ukukula, ndipo amene amayenda msewu wa ku Bunda kapena wa M1 akuona yekha mipanda ya njerwa ikumera pomwe panali chimanga. Kuseri kwa mpanda uliwonse kuli pepala. Ndi angati mwa mapepala amenewo adamasuliridwa moona?

Nditabwerera ku koleji ndidayamba kuwerenga mbiri ya phunziro langa ndi maso ena. Ukapitirira pa Nathenje pang'ono n'kukhota pa Kamphata umafika ku Nkhoma. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni imeneyo, adalemba buku la Nthondo, lomwe lidatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Pambuyo pake adalemba Mbiri ya Achewa. Nthara naye anali munthu wa pakati, mwana wa mudzi wophunzitsidwa ndi amishoni, ndipo sadadikire kuti mbali imodzi ipambane mwa iye asanagwire cholembera. Buku Lopatulika limene amayi amawerenga lidatuluka mu 1922, ndipo mawu aliwonse m'menemo adachita kukambidwa ndi anthu atakhala pansi, monga tidakambirana za "mwini." Ngakhale Kamuzu Banda, ali wophunzira ku Chicago, ndiye ankapereka mawu ndi ziganizo kwa Mark Hanna Watkins, amene adatulutsa galamala ya Chichewa mu 1937. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo atatsegula Kamuzu Academy mu 1981 adaika patsogolo Chilatini ndi Chigiriki. Manyazi amene ndidali nawo ndi akale, ndipo adagwirapo anthu akuluakulu kuposa ine.

Tsono pali zotsutsa, ndipo zina n'zamphamvu. Mnzanga amene adandisunga m'chipinda chake ndi wa ku Rumphi. Nditamufotokozera maganizo awa adandiuza kuti funso langa lokondedwalo, "ndiwe wa kwa yani," ndi lomwenso amafunsa anthu akafuna kukumana ntchito. Adandikumbutsa kuti mu 1968, pamene msonkhano wa chipani cha MCP udakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chidabwerera pa MBC mu 1994. Kwa agogo ake, Chichewa chidali chimene Chingerezi chili kwa agogo anga. Ndidalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndimaona kuti adanena zoona. Amene amanyadira Chichewa n'kuiwala zimenezi sadaphunzire kanthu pa kakhadi kaja. Ngati ntchito yanga ndi yoima pakati pa pepala ndi munthu, ndiye kuti mayi wa ku Rumphi, wa ku Mangochi kapena wa ku Nsanje wopatsidwa pepala la Chichewa chimene sachimva bwino ali pa mlandu womwewo.

Chotsutsa chachiwiri chimachokera kwa atsikana anzanga. Ambiri a ife tidafika pano chifukwa tidakana yankho limene mudzi udatikonzera. Ndikudziwa amene mbumba yake idamupezera mwamuna ali Fomu 2, ndipo adapulumuka chifukwa adanena kuti moyo ndi wake. Kumuuza iyeyo kuti adzidziwe kudzera mwa abale ake kuli ngati kumubwezera m'khola limene adathawamo. Apanso ndikuvomera. Koma onani kuti pabwalo paja sindidachite zimene abale anga ankafuna. Iwo ankafuna kuti ndidumphe mzere. Kudziwa kuti ndine wa kwa yani sikudandilamule chonena, kudangondionetsa anthu amene mawu anga adzawagwere, kuti ndisalankhule ngati munthu wopanda kwawo. Pali kusiyana pakati pa kumvera mudzi ndi kuyankha kwa mudzi, ndipo ine ndikunena zachiwirizi.

Sindikugwirizananso ndi anzathu amene amaganiza kuti kudzidziwa ndi kuvala chilundu ndi mikanda pa tsiku la chikhalidwe, kujambulitsa, mawa lake n'kubwerera kuseka wolankhula ndi "o." Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Zonsezi n'zabwino. Koma chikhalidwe chimene chimangotuluka pa tsiku la chikondwerero sichikanapulumutsa munda wa agogo. Chidaupulumutsa ndi tanthauzo la liwu limodzi limene anthu amaligwiritsa ntchito tsiku lililonse osaliganizira.

Chotsutsa chachitatu ndi cha atsibweni, ndipo ndi chimene chimandisowetsa tulo: kodi zimenezi zimadyetsa? Sindinama. Ambiri otsiriza maphunziro athu amakaphunzitsa kusekondale, ena amakhala zaka akuyenda ndi maenvulopu. Ngongole ya boma imene ndikuphunzirira idzafuna kubwezedwa. Pabwalo paja sindidalandire ngakhale tambala, m'malo mwake ndidataya malo ogona. Amene akufuna kuti nkhani ino imulonjeze kuti akapeza cholinga ndalama zidzatsatira awerenge timabuku tam'mbali mwa msewu tija. Chimene ndapeza ine n'chochepa: ndikalowa m'kalasi la kamvekedwe ka mawu, n'kumva chifukwa chake mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana koma khutu la agogo silizisokoneza, sindifunsanso kuti ndikutayiranji nthawi. Ndikatsegula Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies adatulutsa mu 2000, kapena buku la Sam Mchombo la 2004 la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, ndimaona ntchito imene idayambidwa ndipo siidathe. Google idaika Chichewa pa makina ake omasulira mu 2014, koma sindikhulupirira kuti makinawo akanaima pakati pa chiganizo, monga ndidaimira ine, ataona kuti anthu akuvomereza chinthu cholakwika.

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wa mawu a malo ndi ngongole m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Ndimayenda pa kabaza ndi kope, kufunsa akuluakulu kuti kupinyolitsa kumasiyana bwanji ndi chikole, ndiponso kuti munthu wolima munda wa mkazi wake zaka makumi awiri amautcha chiyani. Funso lomalizali ndidafunsa bambo anga. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adayamba kundiuza za mitengo ya mango imene adabzala ku Mitundu ndisanabadwe, yomwe zipatso zake sadazilawenso. Inali nthawi yoyamba kucheza nawo ngati anthu awiri aakulu. Azakhali, atamva zimene ndikuchita, adalowa m'nyumba n'kutulutsa pepala la gulu lawo la ngongole limene adadinda chaka chatha. Tsiku limenelo sadandiphere nkhuku. Tidadya nsima ya nkhwani, ndipo atatha adandituma kukatsuka mbale.

Ku Mitundu, sabata yomwe ndinkabwerera kuno, atsibweni adafika m'mawa ndikusesa pabwalo. Sadatchule za munda. Adakhala pa chitsa, natulutsa m'thumba la jekete pepala lopindidwa kanayi, la mgwirizano wolima fodya pa ngongole ya feteleza ndi mbewu, lomwe ankayenera kukadinda Lachisanu. Adandipatsa osandiyang'ana.

"Nabanda, tawerenga apa. Usadumphe mzere."

Tidayamba cha m'ma 7 koloko. Pofika tsamba lachitatu, pa ndime yonena za chimene chidzachitike fodya akawonongeka ndi matalala, adandiimitsa kuti ndibwereze, ndipo adatuma mwana kukaitana anzawo awiri a mukalabu yawo, omwe anali atadinda kale.